Chipinda chimakhomedwa ndi wowerenga

Pakati pa anthu okonda nkhani zopeka za ofufuza milandu pali mkangano womwe umati ukazilala n'kubukanso. Umayamba pakangotuluka buku latsopano la mtundu uja wa chipinda chokhoma: munthu wapezeka ataphedwa, chitseko n'chokiya m'kati, kiyi ali pachitseko pomwepo, mazenera ndi otseka, koma wakuphayo mulibe ndipo potulukira sipakuoneka. Owerenga amagawikana pawiri. Ena amati bukulo n'labwino chifukwa lawazunguza mutu mpaka tsamba lomaliza. Ena amangoti, "Njira imeneyi tinaiona kale," ndipo kwa iwo mlandu wathera pomwepo, bukulo lagwa. Ena mwa a gulu lachiwirili amafika ponena kuti nkhani za mtundu umenewu zinatha kalekale, kuti olemba a lero akungobwereza za akale n'kusintha mayina a anthu ndi mtundu wa makatani.

Ine sindikugwirizana nawo, ndipo ndineneretu maganizo anga. Luso la nkhani ya chipinda chokhoma silikhala pa kachipangizo komwe wakupha watsekera chitseko. Limakhala pa chinthu chomwe wolemba wachititsa wowerenga kukhulupirira yekha, popanda kumunamiza ngakhale mawu amodzi, ndiponso pa chifukwa chomwe chipindacho chakhalira chokhoma. Njira zoseweretsa loko n'zowerengeka, ndipo n'zoona kuti zambiri zinalembedwa kale. Koma njira zomwe munthu amadzinamizira yekha ndi zochuluka ngati anthu eni akewo. Amene amayeza chatsopano poyang'ana loko akuyeza malo olakwika, ndipo muyezo wawowo ukuvulaza olemba ndi owerenga omwe.

Kuti ndifotokoze bwino ndiyenera kuulula mathero a nkhani zingapo zakale, zomwe zonse zinapitirira zaka 100; za pambuyo pake ndizisunga. Tiyambire pomwe ambiri amayambira, pa nkhani ya Edgar Allan Poe ya mu 1841 yotchedwa The Murders in the Rue Morgue. Mayi ndi mwana wake wamkazi aphedwa m'chipinda chapamwamba mumzinda wa Paris, chitseko chili chokiya m'kati, mazenera akuoneka okhomeredwa ndi misomali. Wofufuza, Dupin, atakoka msomali wa zenera lina anapeza kuti unathyoka kalekale. Mutu wake unali pamalo pake ukuoneka wamphumphu, koma sunkagwira kanthu, ndipo zeneralo linali ndi kachitsulo kobisika komwe kankaligwira lokha likangotsekeka. Wakupha anali nyani wamkulu wa mtundu wa orangutan yemwe anathawa kwa mwini wake, munthu wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Kunena zoona, za msomali ndi kachitsulozi ndi gawo lofooka la nkhaniyi. Ikanakhala kuti inadalira pamenepo pokha, bwenzi itaiwalika.

Chomwe chimandigwira mtima mpaka lero ndi nkhani ya mawu. Anthu omwe anathamangira pamasitepe atamva kukuwa anamva mawu a mitundu iwiri kuchokera m'chipindamo. Anagwirizana kuti ena anali a mwamuna wachifalansa, koma pa mawu enawo aliyense ananena zake. Wapolisi wachifalansa anati chinali Chisipanishi. Mdatchi anati chinali Chifalansa. Telala wa ku England anati Chijeremani, munthu wa ku Spain anati Chingerezi, ndipo wa ku Italy anati Chirasha, chonsecho anali asanachezepo ndi munthu wa ku Russia. Aliyense anatchula chiyankhulo chomwe iye mwini sachidziwa, ndipo palibe mboni yomwe inanama. Poe anayala umboni wonsewu pamaso pathu, mboni imodziimodzi, monga unalembedwera m'nyuzipepala, ndipo ife timauwerenga tikudzifunsa kuti kodi mlendo ameneyu anali wa dziko liti. Palibe amene anatiuza kuti mawuwo anali a munthu. Tinadziuza tokha.

Pali ndagi ija yodziwika yoti nyumba yopanda khomo. Yankho lake ndi dzira, ndipo sindinamvepo munthu akudandaula kuti ndagiyo n'njosakoma chifukwa dzira analiona kale. Chomwe chimatisocheretsa ndi mawu oti nyumba, poti tikangowamva timayamba kufunafuna makoma ndi denga. Zoterezi zimatichitikira tsiku ndi tsiku. Mukadutsa pachitseko cha mnzanu n'kumva wailesi ikulira, nyale ikuwala pansi pa chitseko, mawa lake mudzalumbira kuti anali m'katimo, pamene simunamuone. Mukaona munthu chakumbuyo atavala jekete lomwe mumalidziwa, mudzatchula dzina mosakayika. Pakati pa chomwe maso aona ndi chomwe mutu wawonjezera pamakhala kampata, ndipo wakupha wa m'nkhani yabwino amatulukira pamenepo.

Tsopano timve a mbali inayo, ndipo mfundo yawo yoyamba si yachibwana. Amati mu 1935 John Dickson Carr, yemwe ambiri amamutenga kukhala katswiri woposa onse pa nkhani zotere, anaulula zonse. M'mutu 17 wa buku lake lotchedwa The Hollow Man, wofufuza wake, Dr Gideon Fell, amaimitsa nkhani n'kuyamba kuphunzitsa anzake mmene zimachitikira. Amatchula ngozi yooneka ngati kupha, munthu wodzipha mwa njira yoti zioneke ngati waphedwa, chipangizo chotcheredwa kale m'chipindamo, wakupha yemwe ali panja koma zikuoneka ngati anali m'kati, munthu yemwe anafa kale pamene ena ankaganiza kuti akali moyo, ndiponso yemwe akali moyo pamene ena akuganiza kuti wafa. Kenako amafotokoza zoseweretsa chitseko chenichenicho, monga kupotokola kiyi ndi ulusi uli panja, kuchotsa mahinjesi, kapena kuchirikiza mpiringidzo ndi kachidutswa ka madzi oundana kuti kakasungunuka mpiringidzowo ugwe wokha. Kuwonjezera apo pali Robert Adey, yemwe anasonkhanitsa nkhani zotere m'buku lotchedwa Locked Room Murders; pomwe linkatulukanso mu 1991 linali ndi nkhani zoposa 2,000, iliyonse ndi yankho lake kumapeto kwa bukulo. Funso lawo n'lakuti, pambuyo pa zonsezi chatsala n'chiyani?

Yankho lili m'buku la Carr lomwelo. Iye anaika phunzirolo nkhani isanathe. Anapatsa wowerenga mndandanda m'manja, n'kumuuza kuti yang'anitsitsa, kenako n'kumupusitsabe. Mu 1981 wolemba nkhani zotere Edward D. Hoch anafunsa olemba ndi openda mabuku 17 kuti asankhe buku la chipinda chokhoma loposa onse, ndipo lomwe linapambana ndi lomweli, loulula zinsinsili. Zikanakhala kuti kudziwa magulu a njira kumapha chidwi, bukuli likanadzipha lokha. Mndandanda wa Carr uli ngati malamulo a tchesi, omwe mwana angawaphunzire masana amodzi. Kudziwa mmene kavalo amalumphira sikutanthauza kuti masewero onse aseweredwa. Ndipo nambala ya Adey ikuikira umboni ine, osati iwo. Ngati magulu ndi ochepa chonchi koma nkhani zinapitirira 2,000, mazana ambiri mwa izo zolembedwa 1935 itadutsa kale, ndiye kuti chomwe anthu ankagula sichinali gulu latsopano. Soji Shimada anatulutsa The Tokyo Zodiac Murders ku Japan mu 1981, Paul Halter anayamba zake ku France mu 1987, onse akudziwa bwino mutu 17 uja, ndipo anapeza owerenga omwe ankaudziwanso.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya ulemu. Amati, chabwino, koma wolemba amene watenga njira yomwe mnzake anaitulukira ndi wakuba, ngakhale aiveke zovala zina. Pamenepa ndikuvomereza mbali imodzi: kuba kulipodi. Wolemba akatenga funso la mnzake, msampha wake ndi yankho lake, zonse zitatu pamodzi, ameneyo waba. Koma olemba akuluakulu a mtunduwu sankaona mfundo ngati munda wa munthu mmodzi. Carr ndi Clayton Rawson, yemwe analinso katswiri wa zamatsenga za pasiteji, anatokosana kuti aliyense alembe nkhani ya chipinda chomwe mipata yonse ya chitseko ndi mazenera yamatidwa ndi mapepala a guluu kuchokera m'kati. Carr, pogwiritsa ntchito dzina lake lina la Carter Dickson, anatulutsa He Wouldn't Kill Patience mu 1944, ndipo Rawson anatulutsa From Another World mu 1948. Funso linali limodzi, mayankho awiri osafanana, ndipo palibe anatchula mnzake wakuba. Ngati funso limodzi lingabale mayankho awiri, n'chifukwa chiyani yankho limodzi lisavale mafunso awiri? Ndimafuna kufunsa aliyense wonena kuti "ndinaiona kale" kuti wanena liti mawu amenewo. Kawirikawiri amawanena atatseka buku. Njirayo ankaidziwa, inali m'mutu mwake masamba 300 onse, koma sanaizindikire mpaka atauzidwa. Kubisa chinthu kwa munthu yemwe akuchidziwa kale ndiponso akuchisaka n'kovuta kuposa kumudabwitsa ndi chomwe sanachimvepo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya wolemba watsopanoyo.

Mfundo yachitatu ndi yomwe ndimailemekeza kwambiri, ndipo amene anainena mwamphamvu ndi wolemba nkhani za ofufuza Raymond Chandler mu 1944, m'nkhani yake yotchedwa The Simple Art of Murder. Iye anadzudzula nkhani za ofufuza zomangidwa ngati masamu, makamaka za ku England, kuti anthu ake ndi zidole zongokankhidwa kuti chinyengo chitheke. Anatamanda wolemba mnzake Dashiell Hammett chifukwa chobwezera kupha m'manja mwa anthu omwe amapha pa zifukwa zenizeni, osati pongofuna kuti papezeke mtembo. Pa chipinda chokhoma mfundoyi imaluma kwambiri. Munthu wanzeru zake yemwe wapha mnzake amafuna kuti pasakhale chachilendo chilichonse. Nanga angavutikirenji kupanga chozizwitsa chomwe chidzaitana apolisi onse ndi atolankhani? Ndawerengapo mabuku omwe alibe yankho pa funso limeneli, momwe wakupha amakhoma chipinda pongofuna kusangalatsa wolemba, ndipo pa mabuku amenewo Chandler ananena zoona.

Komabe funso lomwelo, loti anakhomeranji, ndi pomwe pali mgodi wa zatsopano, chifukwa yankho lake limachokera mumtima wa munthu osati m'bokosi la zida. Wakupha angakhome kuti zioneke ngati munthuyo anadzipha. Wobayidwa angathawire m'chipinda n'kudzikiyira yekha chifukwa cha mantha, n'kufera m'menemo. Wina angasokoneze zinthu poteteza mwana wake. Nthawi zina palibe amene anafuna chozizwitsa, changobadwa chifukwa mapulani a anthu awiri agundana. Taonani zomwe Gaston Leroux anachita mu 1907 m'buku lake la Le Mystère de la chambre jaune, kutanthauza chinsinsi cha chipinda chachikasu. Mathilde Stangerson wadzikiyira m'chipinda chake chachikasu, bambo ake ndi wantchito wawo ali m'chipinda choyandikana nacho. Pakati pa usiku kukumveka kukuwa ndi kulira kwa mfuti. Atathyola chitseko akumupeza ali pansi, magazi ali chuchuchu, pakhoma pali chidindo cha dzanja lamagazi, zenera lili ndi zitsulo, munthu wina mulibe. Choonadi n'chakuti womuukirayo anabwera maola angapo m'mbuyomo n'kupita. Mathilde anabisa zipsera za pakhosi, sanauze aliyense, chifukwa mwamunayo anali mbali ya chinsinsi cha moyo wake wakale chomwe sankafuna kuti bambo ake achidziwe. Usiku analota zoopsa zomwezo, anadzambatuka, anagwa n'kumenyetsa mutu patebulo. Palibe ulusi, palibe kachitsulo. Chomwe chinakhoma chipinda chimenecho ndi mantha ndi manyazi a mayi yemwe anasankha kukhala chete. Amene amati nkhani zoterezi zilibe anthu enieni ayambe wayankha za Mathilde.

Mfundo yachinayi ndi ya masiku ano. Amati m'dziko la makamera, mafoni osonyeza pomwe munthu ali ndi kuyeza DNA, chipinda chokhoma chilibenso malo. Ine ndikuona kuti zinthuzi zangowonjezera maloko. M'mutu 14 wa buku la Danieli, womwe umapezeka m'Mabaibulo a Akatolika, mfumu imaika chakudya patsogolo pa fano la Beli, chitseko chimatsekedwa n'kudindidwa ndi mphete ya mfumu. M'mawa chidindo chili chosathyoka koma chakudya chatha, ndipo mfumu ikufuula kutamanda fanolo. Danieli akuigwira kuti isalowe, akuiuza kuti iyang'ane pansi, pomwe anawaza phulusa madzulo: pali mapazi a amuna, akazi ndi ana, omwe ankalowera pakhomo lobisika. Mfumuyo inakhulupirira chidindo monga ife timakhulupirira kanema wa kamera. Chidindo sichinaname, chinangoyankha funso laling'ono, loti chitseko ichi sichinatsegulidwe. Kamera nayo imanena za pomwe yaloza pokha, pa nthawi yomwe wina anaitchera. Loko wa khadi amalemba kuti khadi lalowa, osati munthu. Ndipo umboni wa sayansi umathandiza kunena kuti ndani, pamene chipinda chokhoma chimafunsa kuti zinatheka bwanji. Carr anaonetsa zimenezi mu 1938 m'buku la The Judas Window, momwe mnyamata amadzidzimuka ali m'chipinda chokhoma m'kati limodzi ndi mtembo wa yemwe akanadzakhala mpongozi wake, pa muvi womwe wamupha pali zidindo za zala za mnyamatayo. Umboni wamakono wa nthawi imeneyo ndi womwe unapanga khoma. Pamene anthu akukhulupirira kwambiri makina, m'pamene wolemba ali ndi zambiri zoseweretsa.

Pali gulu lina lomwe limaoneka ngati lili kumbali yanga, ndipo ndi lomwe limandidetsa nkhawa kuposa otsutsa. Awa amakonda chipinda chokhoma, koma anavomereza muyezo wa adani ake, woti chatsopano ndi chipangizo chomwe sichinaonekepo. Zotsatira zake ndi mabuku omwe yankho lake limafuna chojambula cha zingwe, maginito, magalasi ndi mawilo, ndi masamba asanu ofotokoza. Ndinawerengapo lina lotere mpaka m'bandakucha. Wofufuza atayamba kulongosola ndinabwerera pa chojambulacho katatu, chala chili pachingwe chimodzi kuti ndisasochere, ndipo nditamvetsa sindinamve kanthu mumtima. Njirayo inalidi yatsopano, palibe anailembapo, ndipo chifukwa chake n'chakuti siyenera kulembedwa. N'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yerekezani ndi nkhani ya Arthur Conan Doyle ya mu 1892, The Adventure of the Speckled Band. Chida chake, njoka yobwerera ikamva likhweru n'kumapatsidwa mkaka, akatswiri a njoka anachitsutsa kalekale, ndipo mtundu wa njoka womwe Doyle anatchula kulibe. Koma nkhaniyo ikuwerengedwabe chifukwa cha tinthu titatu tomwe wofufuza Sherlock Holmes amationa ife tili pomwepo: chingwe cha belu chomwe sichiliza belu, kabowo ka mpweya kotsegukira m'chipinda china m'malo mwa panja, ndi bedi lokhomeredwa pansi kuti lisasunthe. Chilichonse mwa izo mwana angachimvetse, ndipo zikalumikizana thupi limachita tsembwe.

Sindikunena kuti chipangizo n'choletsedwa. Mu 1946 Seishi Yokomizo analemba The Honjin Murders, pa nthawi yomwe ambiri ankati nyumba za ku Japan, za matabwa ndi zitseko za mapepala, sizingakhale ndi chipinda chokhoma. Mkwati ndi mkwatibwi aphedwa usiku wa ukwati wawo m'kanyumba kapadera, kunja kwagwa chipale chofewa chopanda phazi la munthu, lupanga lamagazi lazikika m'chipalemo, ndipo anthu amva kulira kwa koto, choimbira cha zingwe cha kumeneko. Yankho lake lili ndi zida ndithu, koma chida chilichonse n'cha panyumba pomwepo, ndipo chifukwa chake chinamera pa kunyada kwa banja lakale lomwe linkadziona lapamwamba. Simungaichotse nkhaniyo n'kukaiika ku London. Chatsopano chake chinachokera ku malo ndi anthu. Chimodzimodzi ndi olemba a posachedwa omwe amalowetsa zamizimu, monga Masahiro Imamura yemwe mu 2017 anatsekera ophunzira m'nyumba yozingidwa ndi mitembo yoyenda. Ronald Knox, m'malamulo ake khumi a mu 1929, analetsa zamizimu, n'kulola njira yobisika imodzi yokha pa nkhani. Cholinga chake chinali choti wowerenga asaberedwe, ndipo ine ndimaona kuti wolemba akanena malamulo a dziko lake poyera kumayambiriro n'kuwasunga mpaka kumapeto, sanabere munthu. Chomwe ndikukana n'kuganiza kuti mitembo yoyendayo payokha ndiyo luso. Ikangokhala chokongoletsa, ili m'gulu limodzi ndi maginito aja.

Yatsala mfundo imodzi, yomwe ngakhale okonda nkhanizi amainena monong'ona: mathero amakhumudwitsa. Funso limakhala lalikulu ngati phiri, yankho n'kukhala kambewa. Dr Fell mwini anavomereza zimenezi m'mutu 17 uja, kuti poti chomwe taona chimakhala ngati matsenga, timayembekezera kuti chochititsa chikhalenso matsenga. Sindingakane kuti kukhumudwako kulipo. Koma kuli mitundu iwiri, ndipo openda mabuku ambiri amaisakaniza. Pali kukhumudwa kwa munthu yemwe akuti, "Sindikanadziwa," chifukwa wolemba anabisa khomo kapena anatulutsa poizoni wosadziwika pa tsamba lomaliza. Kumeneko ndi kuberedwa, ndipo mkwiyo wake ndi woyenera. Ndiye pali kwa munthu yemwe akuti, "Ndinaona, koma sindinaganize." Ameneyu sataya buku. Amabwerera m'mbuyo kukafuna tsamba lomwe anapunthwira, ndipo akalipeza amapeza kuti wolemba sananame, chiganizo chili bwinobwino monga chinalili. Yankho laling'ono ndi lomwe limapereka chisangalalo chimenechi, chifukwa ndi lokhalo lomwe linali loti wowerenga akanatha kulifikira.

Chitsanzo chomwe ndimabwererako kawirikawiri ndi The Big Bow Mystery ya Israel Zangwill, yomwe inkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya The Star ku London mu 1891, owerenga akutumiza makalata oyesa kulota yankho. M'mawa wa nkhungu, mayi Drabdump agogoda pachitseko cha Arthur Constant, yemwe amachita lendi m'nyumba mwawo, koma sakuyankha. Agogodanso, zii. Mantha awagwira, mumtima ayamba kale kuona mtembo. Athamangira kwa mnansi wawo, George Grodman, wapolisi wofufuza wopuma pantchito yemwe dera lonse limamulemekeza. Grodman athyola chitseko chokiya ndi chopiringidza, alowa, afuula ngati waona zoopsa. Pabedi pali Constant, khosi lodulidwa, lumo palibe. Mayi Drabdump anakachitira umboni kubwalo kuti anaona munthu wophedwa chitseko chitangotseguka, ndipo ankanena ndi mtima woona. Koma pomwe chitseko chinkathyoka, Constant anali mtulo tofa nato chifukwa cha mankhwala ogonetsa omwe Grodman anamupatsa usiku wake. Grodman, yemwe anatha zaka zambiri akumvetsera mboni, ankadziwa kuti munthu amaona chomwe wabwera akuyembekezera kuona. Atafuula, mayi Drabdump anaphimba nkhope ndi manja awo kwa kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneko lumo linadutsa. Ndinawerenga mutu woyamba wa bukuli ndikudziwa kale mndandanda wa Carr, momwe njira imeneyi yalembedwa poyera, ndipo pomwe Grodman anafuula, nanenso mtembo ndinali nditauona kale.